KULIMA BOWA PA MUDZI

Kwa mafumu ndi alimi a dziko la Mfumu Kacindamoto, ku Mua, Mtakataka ndi Golomoti.

Bowa wa kuthengo sabzalika. Wa utale amera pa culu cifukwa ciswe ndico cimkonzera cakudya; wa ndelema akhala pa mizu ya mitengo yamoyo. Mukatha mitengo ya m'phiri, mwathanso ndiwo. Koma alipo bowa wina, dzina lace oyisitara, amene adya mapesi ouma, napirira kutentha kwa kuno kunyanja. Mbeu yace funsani kwa alangizi.

Cakudya ca bowayu cisankhidwe bwino. Mapesi a cimanga, udzu wa mpunga wa ku Bwanje, masamba a nthoci ndi makoko a mtedza, zonsezi ziri zabwino. Cifukwa cace musazitenthe mutakolola. Zikhale zouma, zopanda cuku. Utuci wa bulugamu ulekeni.

Duladulani mapesi kutalika ngati cala, muwabviike m'madzi usiku umodzi. M'mawa muwakhetse, kufikira mukafinya m'dzanja madzi angodontha pang'ono. Muwaphike ndi nthunzi mu mgolo maora 2, kuti cuku cife. Atazizira, sambani m'manja, muwasakanize ndi mbeu m'matumba a pulasitiki, nimupacike m'kanyumba kaudzu kamdima. Akapita masabata 3 kapena 4 matumba adzayera mbuu. Pamenepo boolani, muziwaza madzi m'mawa ndi madzulo. Thumba lobiriwira kapena lakuda litayeni kutali, lingaononge anzace.

Mukatero, mudzadya bowa ngakhale mwezi wa October, pamene ndiwo zisowa pa mudzi.