Liwu Lotchedwa La

Madzulo ambiri m'matchalitchi a mumzinda wa Lilongwe mumamveka makwaya akuphunzira nyimbo. Munthu wodutsa pafupi ndi tchalitchi cha Maula kapena cha St Peter's ku Area 3 angathe kumva oyimba akubwereza kuti do, re, mi, fa, so, la, ti, do. Kayimbidwe kameneka kamatchedwa solofa.

Mawu a solofa ali ngati makwerero. Woyimba amayambira pa do, nakwera khwerero limodzilimodzi kufikira atapezanso do wina pamwamba. Khwerero lachisanu ndi chimodzi ndilo la, ndipo lili pakati pa so ndi ti. Polemba pa bolodi, wotsogolera kwaya amangolemba chilembo l.

Ambiri mwa mayinawa anachokera kwa Guido, mphunzitsi wa nyimbo wa ku Arezzo m'dziko la Italy, amene anakhalako zaka pafupifupi 1,000 zapitazo. Iye anali ndi mayina asanu ndi limodzi okha, ndipo la ndilo linali pamwamba pa onse. Patapita zaka mazana ambiri, Sarah Glover ndi John Curwen a ku England anakonza solofa kuti anthu wamba aziphunzira nyimbo mosavuta. Amishoni, monga aja anatsegula Livingstonia mu 1875 ndi Blantyre mu 1876, ndiwo anadza nayo kuno ku Malawi.

Nanga ntchito ya la ndi yotani? Nyimbo iliyonse ili ndi liwu limene ndi kwawo. Nyimbo zambiri kwawo ndi pa do. Zimakwera, zimatsika, koma potsiriza zimabwerera pa do monga mwana abwerera kunyumba dzuwa likalowa. Komabe zilipo nyimbo zina zimene kwawo ndi pa la. Makwerero ake amayambira pa la nathera pa la. Mawu ndi omwe aja, koma nyimbo yotere kawirikawiri imamveka yodekha ndi yogwira mtima. Curwen ankati la ndi liwu lachisoni. Pofuna kulisonyeza ndi dzanja, wotsogolera amalendewetsa dzanja lake, zala zitaloza pansi ngati masamba ofota.

La lilinso ndi ntchito pamene magulu anayi a kwaya akuyimba pamodzi. Besi akayimba la, magulu ena nayimba do ndi mi, mawu atatuwo amagwirizana bwino. Besi akayimba do, enawo amayimba mi ndi so. Tsono do ndi mi akupezeka ponse pawiri. Ichi ndi chifukwa chake la limatha kuima m'malo mwa do.

Opeka nyimbo amachidziwa chimenechi. Pofuna kutsiriza nyimbo, amachotsa besi pa so nawatsitsira pa do. Koma akafuna kuti nyimbo ipitirire, amawakweza kuchoka pa so kupita pa la. Omvera amayesa kuti nyimbo ikutha, kenaka amazindikira kuti ikadalipo. Apa ndi pamene besi ayenera kuchenjera. Akaiwala nagwera pa do monga anazolowera, nyimbo imamveka ngati yatha nthawi isanakwane, ndipo khama la kwaya yonse limapita pachabe. Motero wotsogolera wanzeru amabwereza malo amenewa kambirimbiri, kufikira woyimba aliyense atalizindikira la ndi khutu lake.

Mafunso

1. Kodi la lili pakati pa mawu ati?
2. Guido anali ndi mayina angati a mawu?
3. Ndani anadza ndi solofa ku Malawi?
4. Kodi nyimbo imene kwawo ndi pa la imamveka bwanji?
5. Fotokozani chimene chimachitika besi akagwera pa do m'malo mwa la.