KOMPYUTA YA PA MUDZI: KUGULA YATHUNTHU KAPENA KULUMIKIZA ZIPANGIZO?

Mu caka ca 2015, pamene ana a Giredi 9 analemba kwa nthawi yoyamba mayeso a maphunziro a kompyuta, masukulu ambiri a m'midzi anapezeka ali ndi makina owerengeka cabe. Ana anadikirana pa mzere, ndipo m'malo ena mayeso anapitirira kufikira usiku. Kucokera pamenepo makolo ena, akalandira ndarama za cimanga, soya kapena thonje, amayamba kulingalira zogulira ana ao kompyuta ya pa nyumba.

Kholo lofika m'masitolo a ku Lusaka kapena ku Chipata limapeza njira ziwiri. Lingathe kugula kompyuta yathunthu yocokera ku fakitale, kapena kugula zipangizo cimodzi cimodzi ndi kupatsa mmisiri kuti azilumikize. Anyamata a m'tauni amakonda njira yaciwiriyi, nati imapulumutsa ndarama. Nthawi zina zimatero, koma banja la ku mudzi liri ndi funso lina loyamba kuliyankha: kodi makinawo adzayendera magetsi ocokera kuti?

Cilala ca 2024 cinaphwetsa madzi a m'nyanja ya Kariba kotero kuti madera ambiri anakhala opanda magetsi kwa maora oposa 20 pa tsiku, ngakhale m'matauni. Midzi yambiri siinafikidwe n'komwe ndi nthambo za ZESCO, ndipo imadalira sola. Batire wamba wa mavoti 12 wolembedwa 100Ah amasunga mphamvu yokwana kuyendetsa cinthu ca mawati 1,200 kwa ora limodzi. Koma batire wa mtundu wa mtovu safunika kutsitsidwa kupyola theka, cifukwa amafa msanga. Motero mphamvu yogwiritsa nchito ndi 600 cabe. Kompyuta yaikulu yamasewera, imene imadya mawati 150 pamodzi ndi sikirini yake, imamaliza mphamvu imeneyo m'maora 4. Kakompyuta kakang'ono ka m'maofesi, kamene pamodzi ndi sikirini kamadya mawati ngati 40, kangayende maora 15 pa batire yemweyo. Inveta nayo imadyako pang'ono, conco maorawo amacepako. Banja limene silinawerengere zimenezi limadzazindikira madzulo, pamene mwana wazimitsa kompyuta ndipo mababu a m'nyumba akukana kuyaka.

Makina ang'onoang'ono otere sapangidwa ndi mmisiri wa pa msika. Amabwera athunthu, monga a Dell OptiPlex, HP EliteDesk ndi Lenovo ThinkCentre, ndipo ambiri amene amagulitsidwa mochipa anagwirako kale nchito m'maofesi a maiko akunja. Kawirikawiri ndarama zogulira imodzi ya izi sizingakwane kugula zipangizo zatsopano zolumikiza ina yolingana nayo. Kusiyanaku kunakula kumapeto kwa 2025, pamene mtengo wa RAM unakwera kwambiri pa dziko lonse cifukwa makampani akuluakulu a makompyuta anali kuigula mopikisana.

Komabe makina akalewa ali ndi msampha wao. Pa 14 October 2025 kampani ya Microsoft inaleka kusamalira Windows 10 mwa masiku onse, ndipo Windows 11 imafuna purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kapena wapambuyo pake. M'badwowo umaoneka pa nambala. Pa i5-8500 nambala yoyamba ndi 8, ndipo makinawo ngoyenera. Pa i5-6500 ndi 6, ndipo Microsoft siiwavomereza. Kunja mabokosi awiriwa amafanana ngati mapasa, ndipo wogulitsa sakhala wofulumira kunena. Makina a m'badwo wakale sikuti ngofa, pakuti angayende bwino ndi Linux, imene ndi yaulere, koma mtengo wake uyenera kutsika, ndipo mwana adzakhala akuona zosiyana pang'ono ndi zimene amaona ku sukulu. Vuto lina ndi lakuti mabokosi ambiri a makampaniwa ali ndi cipangizo ca magetsi ca mapangidwe ao okha. Cikapsa, cina wamba sicilowapo, ndipo kucifuna kungatanthauze ulendo wa ku Lusaka.

Apa ndi pamene kompyuta yolumikiza imapambana. Zipangizo zake ndi za muyeso umodzi, ndipo cimodzi cikafa amasintha comweco. Munthu wofuna kutsegula kasitolo kosindikiza makalata pa boma, kapena wokonza mavidiyo a maukwati, pamalo pofika magetsi a ZESCO, angapindule nayo.

Koma wosankha zipangizo ayenera kudziwa kuti sizigwirizana zonse. Purosesa iriyonse imakhala pa bolodi la mtundu wake. Ya AMD Ryzen 5 5600G imalowa pa bolodi la AM4, limene limalandira RAM ya DDR4 yokha; ya DDR5 siingalowe ngakhale mokankha, pakuti mpata wake uli pena. Cilembo ca G kumapeto cimasonyeza kuti purosesayo imaonetsa yokha zithunzi pa sikirini. Ryzen 5 5600 yopanda G, ndiponso za Intel zothera ndi F, zimafuna khadi la zithunzi lapadera, limene ndi lokwera mtengo ndipo limadya magetsi ambiri. Cilembo cimodzi cingadye ndarama za matumba angapo a cimanga.

Pa nchito za sukulu RAM ya 8GB ndi SSD ya 256GB nzokwanira. SSD iposa hadi disiki yakale pa liwiro, ndiponso iribe mbale yozungulira mkati, conco imapirira kugwedezeka kwa basi pa mseu wafumbi. Pamene ambiri amaumira ndi pa cipangizo ca magetsi, nagula copanda dzina. Kumeneko ndi kulakwa, pakuti cipangizo cimeneci cikapsa cingaphe bolodi ndi SSD pamodzi. Wolumikiza aonjezenso mtengo wa Windows, sikirini, kiyibodi ndi malipiro a mmisiri, zimene anyamata aja amaiwala pochula mtengo.

Kwa mabanja ambiri a pa sola, kakompyuta ka m'ofesi ka m'badwo wa 8, kapena laputopu imene iri ndi batire wake, ndiko kusankha kwa nzeru. Wogula apemphe kuti makinawo ayatsidwe m'sitolo momwemo, aone yekha pa sikirini nambala ya purosesa ndi kukula kwa RAM, ndipo zonsezo zilembedwe pa risiti pamodzi ndi miyezi ya galanti. Makina ogulitsidwa pa mseu opanda risiti angakhale obedwa. Atafika nao ku mudzi awaike pa tebulo, osati pansi pamene pali fumbi, ndipo m'nyengo ya dzinja azicotsa pulagi mvula ya ziphaliwali ikayamba kugunda.