Inki pa sikirini ya kompyuta: musathamangire kukhula

Kompyuta imodzi ikamaunjikiridwa ndi ophunzira angapo, pamakhala wina woloza yankho ndi bolopeni, basi kamzere kabuluu katsala pa sikirini. Apa ambiri amathamangira malovu ndi mkono wa yunifolomu. Dikirani kaye, anzanga. Inki imachoka, koma sikirini ikakandika ndiye yakandika, ndipo kusintha ina ndi ndalama zambiri.

Kodi mukupukutacho ndi chiyani?

Sikirini yafulati ya LCD ili ngati mabuku osanjikizana. Pakati pali timadzi tapadera totchedwa liquid crystal, totsekeredwa pakati pa magalasi awiri opyapyala. Pamwamba, pa masikirini ambiri a laputopu ndi a pa desiki, pali kapulasitiki kofewa kokhala ndi utoto wochepetsa kunyezimira. Ndiye mukamapukuta, nthawi zambiri mukukhudza pulasitiki, osati galasi ngati la pa windo.

Kuno kwa Malenga Chanzi tili ndi vuto lina: mchenga. Nthawi ya mphepo ya mwera fumbi la kunyanja limalowa paliponse. Mchenga wambiri ndi quartz, ndipo pa muyeso wa kulimba kwa miyala womwe Friedrich Mohs anakonza mu 1812, quartz ali pa 7 pomwe galasi wamba lili cha pa 5.5. Ngati kamchenga kangakande galasi, nanji pulasitiki! Kupukuta sikirini yafumbi mwamphamvu kuli ngati kukwecha poto ndi mchenga kunyanja.

Nanga bwanji madzi amalephera?

Mu Chemistry munaphunzira za solvent, chinthu chamadzimadzi chomwe chimasungunula chinzake. Lamulo lake nlakuti zofanana zimasungunulana. Mchere umasungunuka m'madzi, mafuta ayi. Inki nayo ili m'magulu. Ya zolembera zambiri za gel ndi zokongoletsera zithunzi imapangidwa ndi madzi, choncho kansalu konyowa kamaichotsa. Ya bolopeni ndi yolimbirapo, yamafutamafuta, madzi amangodutsa pamwamba pake. Ya permanent marker ili ndi ulimbo womwe umamata utoto pamalo pomwe alcohol wa mu inkiyo akauma. Kuti ulimbowo ulekerere, pamafunikanso alcohol. Ntchito yonse igwiridwe ndi solvent woyenera, osati mphamvu za mkono wanu.

Chitani chonchi

1. Zimitsani kompyuta ndi kuizula kumagetsi. Sikirini yakuda imaonetsanso bwino pomwe pali dothi.
2. Phumitsani fumbi pang'onopang'ono ndi kansalu kofewa kouma, monga kopukutira magalasi a maso. Pepala, tishu ndi chitenje chokhakhala ayi.
3. Nyowetsani kansaluko ndi madzi oyera, mufinye mpaka kasadonthe. Abwino ndi distilled water, chifukwa a pamjigo amasiya timawanga toyera ta mchere akauma.
4. Inki ikakana, donthezani isopropyl alcohol wa 70% pa kathonje. Yesani kaye pakona ya sikirini. Ngati palibe chasintha, gunditsani kathonjeko painki mofatsa, kuchokera m'mphepete kupita pakati, ndipo muzisintha thonje likada kuti musamwaze inkiyo.
5. Pukutani ndi kansalu kouma, mudikire paume musanayatse.

Makampani amasiyana pa nkhani ya alcohol. Apple inalola mu 2020 kupukuta masikirini ake ndi isopropyl wa 70%, koma ena amaletsa. Ndiye onani kabuku ka kompyutayo, ndipo ngati ndi ya sukulu, auzeni kaye aphunzitsi. Kubisa ndi komwe kumapangitsa munthu kupukuta mothamanga n'kuonongeratu.

Izi zokha musayerekeze

Osathira kapena kupopera madzi pa sikirini penipeni. Amatsetsereka n'kulowa m'mphepete momwe muli timawaya. Osagwiritsa ntchito mankhwala ochotsera utoto wa zikhadabo: ambiri ali ndi acetone, yemwe amachotsadi inki koma amadyanso pulasitiki, n'kusiya chigamba chotuwa mpaka kalekale. Palafini, petulo, Jik, Vim ndi mankhwala a mawindo okhala ndi ammonia, zonsezi zikhale patali. Spiriti wapepo uja ali ndi utoto ndi zina zosakaniza, ndipo sanitaiza amasiya nomonomo. Komanso osadinikiza. Mukaona mitundu ikuvinavina pansi pa chala, dziwani kuti mukufinya liquid crystal, ndipo banga lake likhoza kukhalitsa.

Pomaliza, si chakuda chilichonse chomwe chili inki. Mukaona chibanga chakuda ngati inki yotayika, chokhala ndi mizere yong'aluka, koma mukagunda pamwamba pali see, ndiye kuti galasi lam'kati lasweka. Pamenepo palibe chopukuta, pakufunika sikirini ina. Nchifukwa chake musanatseke laputopu muzionetsetsa kuti pa kiyibodi sipanatsale bolopeni.