Mlandu wa Q wafika kumapiri a Dowa ndi Ntchisi

Pa 8 September chaka chilichonse, okonda Star Trek m'maiko ambiri amakumbukira tsiku limene kanemayu adayamba kuonetsedwa ku America mu 1966, patangopita miyezi iwiri Malawi atakhala lipabuliki. Kuno kwathu tsikuli limangodutsa. Pamene wailesi ya kanema ya dziko lino inkatsegulidwa mu 1999, n'kuti Star Trek: The Next Generation, imene idayamba mu 1987, itatha kale zaka zisanu m'mbuyomo. Koma zakalezo tsopano zikuyenda pa fulashi ndi pa memori khadi, ndipo zina zakwera mapiri mpaka kufika kumene magetsi sadafike.

Pamsika wina waung'ono m'mbali mwa msewu wochoka ku Mponela kupita ku Ntchisi, kuseri kwa chigayo, pali vidiyo sho ya zidina yofolera ndi malata akale. M'katimo muli mabenchi a matabwa osapala, pazenera adatsekapo ndi thumba la fetereza kuti dzuwa lisalowe, ndipo kanema amayendera batire lolumikiza ku sola ya padenga. Mwini wake ndi mnyamata amene adalemba mayeso a Fomu 4, masana amakonza mafoni pakhonde. Masiku ambiri amaonetsa mpira ndi mafilimu a karati omasuliridwa kale m'Chichewa. Star Trek adaipeza kwa mnzake wa ku Lilongwe yopanda womasulira, choncho amamasulira yekha. Amakhala pampando pafupi ndi kanema, maikolofoni m'manja, akutsitsa mawu a osewera ndi kulankhula m'malo mwawo. Kaputeni Picard amamupatsa mawu olemera a mfumu pabwalo. Q akatulukira, mnyamatayu amasintha zonse: amalankhula mwamatama, mokoka mawu, thupi lonse likugwedezeka pampandopo, ndipo anthu amayamba kuseka asadamve n'komwe chimene wanena.

Q saoneka kawirikawiri. Pa zigawo 178 za The Next Generation, iye ali m'zigawo zisanu ndi zitatu zokha. Komabe ndi iye amene anthu a pamsikawu amamufunsa pakhomo asadalipire. Alibe chombo, alibe mfuti. Amangoliza zala, kuwala kuti ng'ani, munthu wasanduka china kapena chombo chonse chasamuka. M'gawo loyambirira lenileni adavala mkanjo wofiira wa woweruza n'kuimba mlandu mtundu wonse wa anthu kuti ndi ankhanza osakhwima, ndipo m'gawo lotsiriza la mu 1994 adabwereranso pampando womwewo kudzanena kuti mlanduwo sudathe.

Gawo limene limadzaza nyumba ndi Déjà Q la mu 1990. Anzake a Q amulanda mphamvu chifukwa cha kuvuta kwake, ndipo akugwera pakati pa chipinda choyendetsera chombo ali maliseche. Madzulo amene ndidakhala nawo, amayi awiri a kumbuyo adafunda chitenje kumaso uku akuseka, ana akugubuduka pansi. Zotsatira zake womasulira adazitenga pang'onopang'ono, chifukwa akudziwa kuti m'pamene pali kukoma. Q akugona tulo koyamba m'moyo wake n'kudzuka ndi mantha, poganiza kuti moyo umamuthawa. Msana ukumugwira atawerama, akulephera kuwongoka. M'mimba mukulira, sakudziwa kuti imeneyo ndi njala mpaka atauzidwa. Apa bambo wina wa pabenchi yakutsogolo adakuwa kuti amubweretse kuno mwezi wa February adzaidziwe bwino, nyumba yonse idaphulika. Kenaka Guinan, mayi woyang'anira bala ya m'chombomo, amene amamudziwa Q kuyambira kale, akufuna kutsimikiza ngati wasandukadi munthu. Akutenga foloko n'kumubaya padzanja. Anthu adaumiriza kuti malo amenewa abwerezedwe, ndipo mnyamata uja adabwezadi m'mbuyo.

Chimene chidandikhudza n'chakuti kumapeto kwa gawoli phokoso lidazima lokha. Q, poona kuti adani ake akale awononga chombo chonse chifukwa cha iye, akutenga kachombo kakang'ono n'kuchoka yekha kuti aphedwe payekha. Mphamvu zake zikubwezedwa chifukwa cha zimenezo, ndipo mphatso imene akusiyira Data, munthu wamakina amene sadziwa chimwemwe, ndi kuseka kwa kanthawi kochepa. Womasulira sadaonjezerepo kanthu pamenepo, adangoika maikolofoni pamwendo.

Koma gawo limene lagawanitsa anthu ndi lina, Q Who la mu 1989, ndipo mkangano wake wapitirira pakhomo la vidiyo sho kukafika pa bawo ndi pamzere wa kuchigayo. M'gawoli Q akupempha kuti alowe m'gulu la ogwira ntchito m'chombo cha Enterprise, ati kutsogoloko kuli zoopsa zimene iwo sangazithe okha. Picard akukana, akunena kuti anthu ake ndi okonzeka. Q akuliza zala, chombo chikuponyedwa mtunda umene kuwala kungauyende zaka 7,000. Kumeneko akukumana ndi a Borg, anthu osakanikirana ndi makina, oganiza ndi mutu umodzi onse, oyenda m'chombo chooneka ngati chibokosi. A Borg akudula chibenthu cha Enterprise n'kuchikoka, ndipo anthu 18 amene adali m'menemo akupita nacho. Zida zikulephera, kuthawa kukukanika. Picard akudzichepetsa n'kuvomera kuti akufuna thandizo la Q, ndipo pomwepo Q akuwabwezera kwawo.

Mbali imodzi ya mkanganowu akuitsogolera ndi bambo wina wachikulire, mlimi wa fodya wa tsidya la ku Dowa, amene amabwera ndi mpando wakewake chifukwa mabenchi amawapweteka msana. Iwo akuti Q ndi mlangizi, wouma mtima koma mlangizi ndithu. Picard adadzitama, ndiye mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere imufotere yekha. Umboni wawo ndi zimene zidachitika chaka chotsatira m'nkhaniyi: a Borg adabweradi, adagwira Picard mwiniwakeyo n'kumusandutsa mmodzi wa iwo, ndipo pankhondo ya Wolf 359 adaononga zombo 39, anthu pafupifupi 11,000 n'kufa. Bambowa akufunsa kuti zikadatha bwanji anthu akadapanda kuchenjezedwa n'komwe. Anyamata a kabaza ambiri ali kumbali yawo, ndipo mmodzi wa iwo, amene adaonera zigawo zambiri pafoni, amakumbutsa kuti ngakhale Q asadachite zakezo, midzi ina ya kumalire idali itazulidwa kale m'njira yofanana ndi ya a Borg, kusonyeza kuti adaniwo adali pafupi.

Amene adawatsutsa ndi mayi wogulitsa zitumbuwa pakhomo pomwepo, amene amaonera ataima, beseni lili m'chiuno. Mayiwa sadakweze mawu. Adawauza agogowo mwaulemu kuti mwambi wawo ndi woona, koma nyanga ija siidafotere m'manja mwa amene adaililira. Wodzitama adali Picard, ndipo Picard adabwerera kwawo wamoyo. Anthu 18 aja sadakane pempho la Q, mwina sadamuonepo n'komwe, adali pantchito zawo. Kenaka adafunsa mafunso amene adasowetsa womasulira chonena: mayina awo ndani, uthenga udapita kwa makolo awo, maliro adakhala kuti?

Womasulira adayang'ananso gawo lonselo usiku womwewo. Mulibe maliro. Chiwerengerocho chikutchulidwa, Riker, wachiwiri kwa Picard, akumukalipira Q chifukwa cha anthuwo, Q akuyankha mosalabadira ngati kuti ndi kabala kakang'ono, ndipo pomaliza Picard ali phee ndi Guinan akusinkhasinkha kuti mwina Q wachita chinthu choyenera pa chifukwa cholakwika. Nkhani yathera pomwepo.

Ine ndikuona kuti mayiwa adagwira pamene olemba kanemayu adadutsapo mothamanga. Kumapiri kuno munthu akamwalira khasu limagona, msika umachepa anthu, mfumu imatumiza uthenga midzi yonse yoyandikana, adzukulu amalawirira kumanda. Anthu oleredwa motero sangamve za imfa 18 n'kudikira gawo lotsatira ngati palibe chachitika. Zoti chenjezolo lidathandiza ndi zoona, ndipo bambo a fodya aja sakunama. Koma Q ali ndi mphamvu zobweza nthawi m'mbuyo ndi zodzutsa akufa. M'gawo la Hide and Q la mu 1987 adamubwereka Riker mphamvu zomwezo, Riker n'kudzutsa nazo anzake awiri amene adaphedwa. Akadafuna, phunziro likadaperekedwa ndipo anthu 18 aja akadabwerera. Sadafune, ndipo palibe adamukakamiza kufotokoza chifukwa chake.

Agogo aja sadagonje. Sabata yotsatira adapempha kuti aonetse Tapestry la mu 1993, limene amalitenga ngati mboni yawo yaikulu. Picard ali pakati pa moyo ndi imfa chifukwa mtima wake wachitsulo walephera, mtima umene adauika ali mnyamata atabayidwa pandewu ya m'bala. Q akumupatsa mwayi wobwerera kukapewa ndewuyo. Akuipewadi, koma akudzuka ali wantchito wamba wovala yunifomu ya buluu, munthu woopa chilichonse amene akuluakulu samuwerengera. Akupempha kuti abwezeredwe moyo wake wakale ndi bala lake lomwe. Agogowo adatembenuka kuyang'ana pakhomo n'kufunsa ngati mfiti ingachitire munthu zotere. Mayi wa zitumbuwa adavomera kuti Q amamukonda Picard, n'kuonjeza kuti vuto lake ndi lomwelo: amakonda mmodzi, ena onse ndi zoseweretsa.

Mwini vidiyo sho akuti mkanganowu wamuthandiza, chifukwa anthu amene kale ankangobwerera mpira tsopano amabweranso pakati pa sabata. Akudandaula kuti zigawo za Q zamuthera. Adamva kuti Q aliponso mu Star Trek: Deep Space Nine, m'mene mtsogoleri wa kumeneko Sisko adamutchaya chibakera n'kumugwetsa pansi, ndi m'zigawo zitatu za Voyager, komanso kuti adabweranso mu 2022 tsitsi litachita imvi. Akudikira wopita ku Lilongwe kuti amutumize fulashi. Pakadali pano ntchito ya nazale za fodya yayamba kumadimba, anthu akufika mochedwa ndiponso otopa, ndiye wasuntha nthawi yoyambira.

Ana a pamsikawu alibe nawo ntchito mlanduwu. Funso lawo, limene amamuvutitsa nalo womasulira tsiku ndi tsiku, ndi la makina a pakhoma aja amene munthu amangowauza chakudya chimene akufuna n'kutuluka chili chotentha. Akufuna kudziwa ngati makinawo amatha kuphika nsima yosapanga mabulu, ndiponso chifukwa chake Picard, pokhala ndi makina oterowo, amangoitanitsa tiyi.