Ku Mkaika Pulezidenti Ndi Mlendo

Loweruka lomaliza la mwezi wa Ogasiti likamayandikira, msewu wochoka ku Mchinji kudzera ku Chipata umadzaza malole ndi mabasi. Onsewo ulendo wa ku Mkaika, m'boma la Katete, ku mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Tsiku limenelo malire amene azungu analemba papepala amafooka: mfumu ya ku Kasungu ndi inzake ya ku Tete zimagwada pabwalo limodzi.

Alendo amathamangira zilombo zochokera kudambwe ndi anamwali ovina atavala mikanda, koma mutu wa mwambowu uli pa mafumu. Iliyonse imafika ndi anthu ake, n'kutula mphatso, n'kufotokoza za kwawo: kaya kuli njala, kaya matenda, kaya mikangano ya malo. Atsamunda anauletsa mwambowu mu 1934, ndipo unadzayambiranso mu 1984. Ndiganiza kuti ankadziwa bwino chimene ankaopa.

Mu 2007 apulezidenti Levy Mwanawasa, Bingu wa Mutharika ndi Armando Guebuza anakhala nawo onse atatu. Kwawo ndi iwo amene anthu amawaimirira; pano anali alendo pamudzi pa mwini. Ngakhale nsalu za chipani, zimene masiku ano zimalowa ndi pamaliro pomwe, ku Mkaika sizifunika.

Andale athu anautola kalekale ulemu umenewu n'kupita nawo kumisonkhano yawo. Kamuzu ankadzitcha nkhoswe ya amayi onse a m'Malawi, amayiwo n'kukhala mbumba yake yomuvinira. Anabwereka mawu a pabanja la Achewa, pamene mwamuna amayang'anira alongo ake ndi ana awo. Mpaka lero phungu akafika pamudzi timamugwadira, kumuombera m'manja mwakufwatata, iye n'kusiya kenakake kwa agulupu "kogulira sopo". Kumufunsa za mjigo umene analonjeza kumaoneka ngati mwano.

Komatu ufumu wa Chichewa suthera pa kugwada. Dzina loti Gawa likunena za wogawa malo, ndipo wogawa amayang'aniridwa. Pamudzi amene amaloza woti alowe ufumu ndi amayi akuluakulu a mbumba, ndipo pomulonga amamulangiza pamaso pa anthu, mawu ena owawa ndithu: asadye yekha, asakondere pamlandu, asasirire mkazi wa mwini. Iye amangoti zyoli, osayankha. Mbali imeneyi ndiye andale anaisiya kumudzi. Tsiku lolumbira ku Lilongwe olankhula ndi iwo okha, ife n'kumalulutira.