Chingerezi cha M'kamwa ndi Macheza a Anthu Otchuka

Mwana wa sukulu wa ku Nsaru kapena ku Kabudula amakumana ndi Chingerezi cha mitundu iwiri. Choyamba ndi chija cha m'kalasi, chimene amachiwerenga m'buku ndi kuchilemba pa mayeso. Pakuti angakhale Chichewa chinasankhidwa kukhala chiyankhulo cha fuko mu 1968, Chingerezi chinakhalabe cha boma ndi cha maphunziro, kotero kuti wolephera Chingerezi pa mayeso a Fomu 4 salandira satifiketi ya MSCE angakhale atakhoza zina zonse. Chachiwiri ndi chimene amachimva pa wailesi, pa foni ya mkulu wake, ndi m'tinyumba toonetsera mpira pa misika ya Namitete ndi Mpingu, pamene mtolankhani waimitsa katswiri wa mpira kapena woimba nayamba kucheza naye. Aphunzitsi ambiri amayesa chachiwirichi phokoso chabe. Komatu m'menemo ndimo muli timawu tija timene munthu amatifuna tsiku ndi tsiku, timene buku silichedwa nato.

Chitsanzo choyenera kuyamba nacho chinachokera ku Kasungu, dziko la fodya ndi chimanga monga Nambuma yemwe. William Kamkwamba wa ku Wimbe anasiya sukulu ya sekondale pa njala ya 2002 chifukwa chosowa fizi, ndipo ataona zithunzi m'buku lotchedwa Using Energy anapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo. Mu June 2007, ali ndi zaka 19, anaitanidwa ku msonkhano wa TED ku Arusha m'dziko la Tanzania, kumene Chris Anderson anacheza naye pamaso pa khamu la alendo. Machezawo ndi a mphindi zowerengeka chabe, ndipo amapezeka pa intaneti. Mnyamatayo anafotokoza kuti anagwiritsa ntchito felemu ya njinga ndi paipi ya pulasitiki, kuti anaika mapiko anayi pomwe buku linaonetsa atatu pofuna kuonjeza mphamvu, ndi kuti makinawo ankayatsa mababu anayi ndi mawailesi awiri. Iye mwini, polankhula ku Oxford mu 2009, anaulula kuti tsiku lija Chingerezi chinamuthawa ndi mantha.

Chodabwitsa n'chakuti nkhani yaikulu yotere inasenzedwa ndi aneni ochepa ndi aafupi: "go", "get", "use", "try", "make". Nthawi za aneniwo sizinali zolongosoka ponse, koma panalibe mlendo amene anasokera. Pamene khamu linaomba m'manja ndi pamene ananena kuti anayesa, namaliza ndi mawu akuti "I made it". Apa mphunzitsi ayenera kuima ndi kalasi yake, pakuti mawu atatuwa ali ndi matanthauzo awiri amene Chichewa chimawalekanitsa bwino lomwe: "ndinachipanga" ndi "ndinakwanitsa". Onse awiri anali oona tsiku limenelo. Chimodzimodzinso "drop out", mawu amene anatchula ponena za sukulu. Wophunzira amadziwa kuti "drop" ndi kugwetsa, ndipo akamasulira liwu ndi liwu apeza chinthu chopanda mutu. Tanthauzo lake ndi kusiyira sukulu panjira. Aneni otere, amene amasintha nkhope akalandira kaliwu kakang'ono pambuyo pake, monga "give up", kutaya mtima, ndi "carry on", kupitiriza, ndiwo msana wa Chingerezi cha m'kamwa, ndipo macheza a osewera mpira atangotuluka m'bwalo adzala nawo. Atsikana amene amatsata Temwa Chawinga, yemwe anagoletsa zigoli 20 mu ligi ya ku America mu 2024 ndi timu ya Kansas City Current, safunika kuwakakamiza kuti amvetsere.

Palinso mtundu wina wa mawu umene buku lomasulira silithandiza nawo kwenikweni. Wotchuka akafunsidwa funso, sayankha msanga. Amayamba ndi "well", nalowetsa "you know", nadzikonza ndi "I mean" kapena "actually". Mwana amene anaphunzira kuti "well" ndi chitsime kapena "bwino" amangoti kukamwa yasa. Koma Chichewa chili ndi timawu take togwira ntchito yomweyi, ndipo gogo aliyense wa ku Kabudula amatidziwa osaphunzitsidwa: "paja", "kaya", "ndiye kuti", "komatu", "basi". "You know" sakufunsa ngati womverayo akudziwa kanthu. Akumukokera m'nkhani monga achitira "paja". "I mean" ndi "ndiye kuti". "Actually" kawirikawiri ndi "komatu" wa munthu wowongola maganizo a mnzake mwaulemu. Motero mphunzitsi wa Chichewa, osati wa Chingerezi yekha, ali ndi kiyi wa chitseko chimenechi, ndipo n'zachisoni kuti awiriwa amakonza maphunziro awo ngati anthu osadziwana.

Kufanizira kumeneku kumaululanso kumene zolakwa zozolowereka zimachokera. Chichewa chili ndi "eti" mmodzi wokwana pa chiganizo chilichonse, n'chifukwa chake ophunzira amamata "isn't it" paliponse, pomwe mwini chiyankhulo amasintha kamchirako molingana ndi mneni. Ndiponso Mchewa akafunsidwa kuti, "Sunadye?" amati "inde", kuvomereza kuti sanadye, Mngelezi pamenepo amati "no". Popeza macheza onse ndi mafunso ndi mayankho, wophunzira amamva kusiyanaku ndi makutu ake kangapo asanauzidwe lamulo.

Kachitidwe kake sikalira zambiri. Foni imodzi ikwanira, malinga kachigawo kosankhidwako kasapitirire mphindi ziwiri. Ana amvetsere koyamba osalemba kanthu, kenaka afotokoze m'Chichewa zimene wanena mlendoyo. Kachiwiri atole mawu asanu kapena asanu ndi limodzi, osapitirira apo. Kachitatu akhale awiriawiri, wina mtolankhani, wina mlimi wa fodya wotchuka wa ku Nsaru, nagwiritse ntchito mawu omwewo pa nkhani ya kumunda. Macheza a Kamkwamba ali ndi ubwino wapadera, woti kalasi ikhoza kuwongola nthawi za aneni ake popanda kumunyoza, podziwa kuti munthu yemweyo anatsiriza maphunziro ku Dartmouth College mu 2014.

Koma mlendo amene wadza ndi kalumo kakuthwa akhozanso kucheka nako mwini nyumba. Chingerezi chili ndi "you" mmodzi pomwe Chichewa chili ndi "iwe" ndi "inu", ndipo pa macheza mtolankhani amaitana aliyense ndi dzina lake loyamba. Mwana wosachenjezedwa amaganiza kuti Chingerezi chilibe ulemu, nakalonjera ahedi ndi "yeah" kapena kulemba "gonna" m'chimangirizo cha mayeso. Chotero liwu lililonse lotoledwa lilembedwe pa bolodi pamodzi ndi malo ake, kaya ndi la kwa anzake, la kwa akulu, kapena la pa pepala. Izi sizachilendo kwa ana: amene amauza mnzake "shapu" kapena "bho" pa msika wa Namitete ndi yemweyo amene amagwada nati "zikomo" polandira mawu kwa amalume ake.