Woluka Tsitsi ndi Wojambula Zithunzi

Mwa ntchito zonse za manja zimene anthu a kwathu azidziwa, palibe ina yosakhalitsa monga kuluka tsitsi. Mphika woumbidwa bwino utumikira banja zaka zambiri, ndipo mtondo ufikira adzukulu. Koma mutu umene mayi waukonza kuyambira m'mawa kufikira dzuwa litapendeka umasulidwa patapita masabata awiri kapena atatu, ndipo luso lonse lija lipita ndi chipeso. Tsono ngati tifuna kuti luso lotere lisungike, payenera kukhala anthu awiri ogwirizana: wina wodziwa kuluka, wina wodziwa kujambula.

Munthu amene anaonetsa bwino za ichi ndiye J. D. 'Okhai Ojeikere wa ku Nigeria, amene anabadwa mu 1930 namwalira mu 2014. Iyeyu anagula kamera yake yoyamba mu 1950, nagwira ntchito ku Ibadan ndi ku Lagos. Mu 1968 anayamba kujambula malukidwe a tsitsi a amayi a m'dziko lake, m'misewu, m'maukwati ndi m'nyumba yake yojambulira, ndipo sanaleke kwa zaka zoposa 30, kufikira zithunzizo zinayandikira 1,000. Zinaonetsedwa ku Paris mu 2000 ndi ku Venice mu 2013. Zambiri mwa izo sizionetsa nkhope konse. Mayi afulatira, kumbuyo kwake kuli mbee kopanda kanthu, ndipo diso la woona ligwera pa tsitsi lokha. Chinanso chimene anachita, chimene kwa ife ophunzira zilankhulo chili chachikulu, ndi ichi: anafunsa dzina la malukidwe alionse nalilemba. Ena mwa iwo atchedwa Onile Gogoro, ndiko kunena nyumba yosanjikiza yaitali m'Chiyoruba, pakuti tsitsi lokulungidwa ndi ulusi linaimikidwa njo monga nyumba zatsopano za mu Lagos. Motero chithunzi chimodzi chisunga luso la zala, mawu a chilankhulo, ndi mbiri ya mzinda.

Tiyeni tione tsopano gawo la aliyense pa ntchitoyi. Tsitsi lakuda limeza kuwala, kotero kuti wojambula wosadziwa, akaimika munthu pa dzuwa la masana, apeza kuti mutu wonse wangokhala bii, mizere yosaoneka. Kuwala kofunika ndi kochokera m'mbali, kwa m'mawa kapena kwa madzulo, pakuti pamenepo mzere uliwonse ukhala ndi kamthunzi kake, monga mizere ya m'munda ionekera bwino dzuwa likamatuluka. Ichi ndi cha wojambula. Koma kumene malukidwe ayambira ndi kumene athera, mbali imene mwini luso afuna kuti anthu aione, kaya ndi kunkhongo kaya pamwamba pa mutu, ichi achidziwa woluka yekha, ndipo kawirikawiri ndiye auza wojambula kuti akwere pa mpando. Ndiyenso adziwa muyeso wa mafuta: akachepa tsitsi lioneka lotuwa, akachuluka linyezimira mopyola ndi kubisa mizere. Ndipo chithunzi chiyenera kutengedwa tsiku lomwelo, munthu asanagonere mutuwo, chifukwa pakapita masiku ochepa timatsitsi tating'ono tiyamba kutuluka ndipo mizere itaya ukhondo wake. Chala chimodzi sichiswa nsabwe.

Pali chinthu china chozama koposa kuwala. Kwathu kuno tsitsi si chinthu wamba. Munthu akametedwa salisiya pabwalo kuti aliyense alitole, ndipo sapereka mutu wake kwa munthu amene samkhulupirira. Achewa ameta pa maliro ndi pa chinamwali; Monica Wilson, amene pamodzi ndi mwamuna wake Godfrey anakhala pakati pa Anyakyusa ndi Ankhonde kuyambira 1934 mpaka 1938, analembanso za kumeta pa miyambo ya maliro ya Anyakyusa. Chifukwa chake mlendo wonyamula kamera sangangofika nati, "Tembenukani ndijambule mutu wanu." Alowera mwa woluka, amene mayiyo amdziwa kale, ndipo pempho lipita mwaulemu: "Amayi, bamboyu afuna kujambula ntchito yanga, kodi mulola?" Akakana, nkhani ithera pomwepo.

Boma la Karonga ndi malo oyenera ntchito yotere kuposa ambiri. Pano pakumana Chinkhonde, Chitumbuka, Chichewa ndi Chiswahili, ndipo amalonda awoloka Songwe tsiku ndi tsiku kunka ku Kyela ndi ku Mbeya. Malukidwe ayenda pa msewu womwewo, atanyamula maina ao. Ku Tanzania mizere yolunjika kuchokera pamphumi kunka kunkhongo itchedwa twende kilioni, ndiko kuti "tiyeni ku maliro", popeza ndi malukidwe apafupi oyenera munthu wofulumira. Ina yokwera kuchokera m'mbali zonse nikumana pamwamba itchedwa Kilimanjaro. Ife tili ndi zingongo zathu. Wophunzira chilankhulo aona msanga kuti maina awa ali ngati miyambi yaifupi: m'menemo muli phiri, maliro, nthabwala ndi chitonzo chomwe. Nyumba yosungiramo mbiri ndi chikhalidwe ya pa Karonga, imene inatsegulidwa mu 2004, isunga chifaniziro cha mafupa a Malawisaurus, nyama imene inafa zaka mamiliyoni ambiri zapitazo. Fupa lidikira wolifukula. Mutu wolukidwa sudikira mwezi.

Wina adzati, kodi zimenezi zimkhudza bwanji mphunzitsi wa ana aang'ono? Zimkhudza ndithu, pakuti kwa zaka zambiri mphunzitsi ndiye anali woyang'anira mitu ya ana, wobweza pakhomo aliyense wosameta. Pa 8 May 2023 Bwalo Lalikulu la milandu ku Zomba, mwa woweruza Zione Ntaba, linagamula kuti ana a chipembedzo cha Rastafari aloledwe m'sukulu za boma ndi tsitsi lao lopotana. Mphunzitsi amene sanaganizepo kuti tsitsi lili ndi tanthauzo adzavutika ndi chigamulo chotere. Amene anakhalapo pansi ndi woluka nafunsa mafunso sadzadabwa.

Ntchito yake si yovuta, popeza lero kamera ili m'foni ya m'thumba. Pa phunziro la chilankhulo kapena la luso la manja, itanani mayi wodziwa kuluka wa m'mudzi momwemo, abwere ndi munthu wamkulu amene wavomera kujambulidwa; mwana asajambulidwe makolo ake osadziwa. Pachikani nsalu yoyera pakhoma la kunja, dikirani dzuwa lipendeke, ndipo mayiyo anene yekha mbali yojambula. Ana afunse ndi kulemba m'makope: dzina la malukidwe m'chilankhulo chimene iye walitchulira, tanthauzo lake, amene anamphunzitsa, ndi maola amene ntchitoyo yatenga.

Pa chinthu chimodzi ndikupemphani kuti mupyole Ojeikere. Pansi pa zithunzi zake tiwerenga dzina la malukidwe ndi chaka, koma osati dzina la mayi amene zala zake zinapweteka. Inu pansi pa chithunzi chanu, iye akalola, yambani ndi dzina la woluka ndi mudzi wake, kenaka dzina la malukidwe, tsiku, ndipo pomalizira dzina la wojambula.